Dzina Limene Mayi Chalera Anakana Kusiya

Mbiri inayambira kuchigayo, monga zimayambira mbiri zonse za pa Bilila. Ati Mayi Chalera, atelala aja a pafupi ndi njanji, apeza kale mwamuna, tsitsi lomwe anameta pamaliro lisanamere n'komwe. Ati mwamunayo ndi wamtali, wowonda, amabwera dzuwa likamalowa n'kukhala pakhonde osalankhula ndi munthu. Wina anati ndi mphunzitsi wa ku Balaka, wina anati ndi wogula nandolo. Ine theka ndinakhulupirira, poti mayi aja ngakhale afika zaka makumi asanu khosi likadali losalala, ndipo amasiye a masiku ano sachedwa. Theka linalo linkakana pa chifukwa chimodzi: aliyense wonena kuti wamuona mwamunayo, ukamufunsa za nkhope yake, ankayamba kukanda m'mutu.

Nkhani yake yeniyeni inayenda chonchi.

Esinati anakhala pabanja ndi a Lasitoni Chalera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Bambowo anali mlangizi wa zaulimi, aafupi, onenepa, ovala nsapato zopolisha ngakhale popita kudimba. Anamwalira m'nyengo yozizira ndi matenda a shuga, n'kukaikidwa kwawo kuseri kwa phiri. Abale awo kumeneko ndi a kwa Sandikonda. Dzina la Chalera ankati analitengera kusukulu, kwa amalume ena amene anawalera. Zoterezi n'zambiri, ndipo Esinati sanafunsepo.

Tsiku lometa, anthu asanabalalike, Jesina, mlongo wamkulu wa malemuwo, anamukokera Esinati kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, ife takumasulani. Zodikira chaka ayi. Mukafika kunyumba mukasiye dzinalo, mubwerere ku la bambo anu."

Esinati anayesa kuti sanamve bwino. Kusudzula mkazi wamasiye kumadikira nthawi yake, chiliza chimangidwe, akuluakulu a mbali zonse akhale pansi. Sikuchitikira kuseri kwa nkhokwe ngati malonda a kachasu.

"Ndalakwanji, alamu?"

"Palibe. Ndinu Nangondo, mwana wa a Likongwe. Dzina labwinobwino."

"Pachiphaso ndine Chalera. Ku Mvano ndine Chalera. Mwana wanga ku Joni ndi Chalera. Mukufuna akabwera adzapeze mayi ake ali ndi dzina lina ngati ndinachita kumutola?"

"Ine ndanena."

"Inu mabanja atatu munasintha maina ngati zitenje, ndiye mukuyesa tonse ndife otero?"

Tsono Jesina ndi mkazi woti ukamuponyera mawu amodzi amakubwezera dengu lonse. Koma tsiku limenelo anangotembenukira kumbali. Maso ake anali kukanjira kopita kumanda, manja akupotokola nsonga ya mpango.

Esinati anabwerera ku Bilila ali ndi mkwiyo wake. Sabata yoyamba kunali zii. Yachiwiri, m'nyumba munayamba kumveka fungo la fodya. Osati wa ndudu ayi, koma fodya wa m'chigafa, wongofota kumene, uja amakanirira m'zovala. A Chalera sankasuta, ndipo kuno n'kwa thonje ndi nandolo. Esinati anachapa makatani, anakolopa, anafukiza masamba a bulugamu. Fungo linkachoka m'mawa, koma dzuwa likangopendeka labwerera.

Kenako chogwirira chitseko chinayamba kumata. Ankachitsuka ndi sopo, mawa lake n'kupezanso zakuda, zonanda ngati phula. Anaitana Mayi Dzimbiri, oyandikana nawo nyumba, amene anakulira ku esiteti ya fodya. Mayiwo anakhudza ndi chala, ananunkhiza, kenako anamuyang'ana Esinati cham'mbali, kamwa likufuna kuseka.

"Uwu ndi utomoni wa fodya, amzanga. Umakakamira m'manja mwa othyola. Mlendo wathuyu ndi wa ku Kasungu kapena ku Mchinji?"

"Mlendo wanji?"

"Ayi, ine sindinanene kanthu. Munthu wamoyo amafuna womufunsa kuti wadzuka bwanji."

Madzulo a tsiku lomwelo mbiri inali itafika kale kuchigayo.

Zinthu zinayamba kusowa. Choyamba satifiketi ya sukulu ya malemu, ija inali m'felemu pabalaza. Panangotsala msomali ndi malo oyera pakhoma. Wailesi inali pomwepo, makina osokera pomwepo, nsalu za makasitomala zonse zilipo. Wakuba wanji wosiya makina n'kutenga pepala?

Posesa m'mawa Esinati ankapeza mapazi. Anali a munthu wopanda nsapato, aatali, zidendene zake zong'aluka mpaka ming'alu inkaoneka pafumbi. Ankachokera kunjanji n'kuthera pakhonde. Obwerera panalibe. Iye ankasesa msangamsanga Mayi Dzimbiri asanatuluke.

Kenako zinasowa nsapato za malemu, zakuda zija za ku tchalitchi. Mawa lake mapazi anasintha. Kutsogolo kunali chidindo cha nsapato, kumbuyo chidendene cha munthu, ngati phazi lakana kukwana ndipo mwini wake wangoziponda kumbuyo n'kumazikhwekhwereza.

Tsiku lina akuchokera kumsika wa ku Balaka ndi mpukutu wa nsalu, anakwera kabaza wa a Binoni kuyambira pamsewu waukulu. Atafika pakhomo, a Binoni anapukuta thukuta n'kuyang'ana kumbuyo.

"Mayi, bwanji simunanene kuti muli awiri? Ndikanaitana mnzanga. Bambo aja atithamangira kuyambira pamlatho."

"Bambo ati?"

"Alowa kuseri kwa nyumba yanuwa. Ndimayesa ndi alamu anu. Koma nsapato zija muwagulire zina, akuvutika nazo."

Lachinayi ku Mvano, mlembi ankaitana maina monga mwa masiku onse. Atafika pa "Mayi Chalera", Esinati asanatsegule pakamwa, panja pa zenera panamveka chifuwa. Chouma, kawiri. Amayi anasuzumira. Panalibe munthu, koma mbuzi zinayi zimene zinkadya pamenepo zinali zitasiya kudya, zonse zikuyang'ana malo amodzi pakhoma. Mlembi anadumpha maina awiri, amayi a busa anayambitsa nyimbo imene sinali pa ndondomeko.

Apa m'pamene Esinati analakwitsa, koma musamuseke, poti ambiri tikanachita chimodzimodzi. Anaganiza kuti ndi amuna ake. Anati mumtima: amva zimene ananena mlongo wawo zija, ndiye akwiya, akuyesa kuti ndiwataya. Za kutalika ndi kuwonda anazipezera chifukwa. Paja matenda anawadya kwambiri kumapeto, ndipo ndani akudziwa mmene munthu amaonekera akachoka uko?

Tsono mayi wa Mvano, wa bulauzi yoyera, anatapa ufa m'kambale, anadikira kachisisira Mayi Dzimbiri atalowa m'khitchini, n'kupita kuseri patsinde pa mango. Anagwada, anathira ufa pang'onopang'ono monga ankachitira amayi ake kale.

"A Chalera, ngati ndinu, mtima ukhale pansi. Za a Jesina musamvere. Ine ndine mkazi wanu, dzina lanu sindisiya. Nyumba ino ndi yanu."

Masamba a mango sanagwedezeke. Nkhuku zimene zinkalowa m'khola zinatulukanso, n'kukagona pamtengo wa kwa eni.

Mawa lake anaitana wopenta kuti alembenso chikwangwani cha pashopu, zilembo zazikulu kuposa kale: MAYI CHALERA TELALA. Anati ziwapweteke a Jesina akadzadutsa.

Madzulo ake, akumalizitsa mpendero wa siketi kuwala kusanathe, kunja kunamveka mawu otsika.

"Odi."

"Lowani," anatero Esinati. Pakamwa panangoyankha pokha, monga pamachitira kwa telala.

Chitseko sichinatseguke. Koma fungo lija linalowa lonse, n'kudzaza chipinda mpaka m'maso kuyabwa.

Kuyambira tsiku limenelo mapazi panja anasiya kuoneka. Madzi amene ankasiya m'bafa ankawapeza atachepa, otsalawo ali bii. Chimene chinkamusautsa kwambiri chinali chakuti mlendoyo sankakhala pampando wa malemu, uja wa khushoni. Fungo linkaunjikana pansi, pakona ya pafupi ndi chitseko, pamene amakhala munthu waganyu podikira kuti bwana amulankhule. A Chalera chikhalire sanakhalepo pansi m'nyumba mwawo.

Pakona pomwepo m'pamene anaipeza satifiketi ija m'mawa wina, itatsamira khoma. Galasi lake linali loyera ponseponse kupatula pa dzina. Pamenepo panali podetsedwa ndi chala chakuda, chilembo ndi chilembo, ngati mwana amene akuphunzira kulemba.

Makasitomala anayamba kuchepa. Wina ankafika pakhomo, kununkhiza, n'kunena kuti waiwala nsalu kunyumba. Esinati anawonda, masiketi ake omwe anachita kuwabweza m'chiuno. Kuchigayo ankati ndi chikondi chatsopano chikumudya.

Loweruka lina chakumadzulo anaimirira kuti apukute kalilole wamkulu woyeserapo zovala. M'kaliloremo, kumbuyo kwake, pakona paja, anaona mawondo. Aatali, osongoka, m'buluku long'ambika. Pamwamba pa mawondowo panalendewera manja akuda mpaka m'zigongono. Mutu unali wowerama. Sanafune kuona zambiri, anangoyang'ana nsanza imene inali m'manja mwake.

"Mayi," anatero mawu aja, mwaulemu, ngati munthu wopempha madzi akumwa pakhomo pa eni. "Kalata ija sinafikebe?"

Esinati anagwetsa nsanza ija. Amuna ake zaka zonsezo ankamuitana kuti Nango. Akakwiya ankati amake Tiyese. Sanamutchulepo kuti mayi, ndipo mawu awo anali aakulu, oseketsa ana. Uyu anali mlendo. Ndipo mlendo ameneyu iye mwini anamugwadira patsinde pa mango, n'kumuuza kuti ndine mkazi wanu.

Anagona kwa Mayi Dzimbiri, ponamizira kuti m'nyumba wathira mankhwala a nsikidzi. Kutacha anapita pa siteji ya kabaza. A Binoni atamuona anayamba kupopa tayala lomwe linali lokhuta kale. Anzawo anayang'ana kumbali. Esinati anamanga chitenje n'kuuyamba wapansi, kukwera phiri kulowera kwa Jesina, osacheuka ngakhale kamodzi, ngakhale kuti kumbuyo kwake miyala inkagubuduka pamene iye wadutsa kale.

Anafika dzuwa litapendeka. Anamupeza Jesina pakhonde akusankha nandolo m'lichero. Jesina sanalonjere. Anayang'ana Esinati, kenako njira imene wadzera.

"Mwabwera nokha?"

"Sindikudziwa, alamu. Inu mukuona bwanji?"

"Dzina lija munasiya?"

"Ndinalembetsa lalikulu kuposa kale. Ndinathiranso ufa."

Lichero linapendekeka, nandolo n'kumwazika pansi. Nkhuku sizinabwere kudzatola.

"Mwathira ufa potchula dzina liti?"

"La amuna anga. Kapena ali ndi lina?"

Jesina anamukokera m'nyumba, anatseka chitseko n'kuikapo mpiringidzo, dzuwa likadalipo. Anakhala pamphasa, Esinati pafupi ndi chitseko, Jesina kukhoma la zenera.

"Achimwene dzina lawo ndi Filimoni," anatero Jesina. "Filimoni Sandikonda. Sitandade 8 analephera kawiri. Lasitoni Chalera anali mnzawo wa m'kalasi, mwana wa mayi wina wosauka wa kutsidya kwa mtsinje. Iyeyo sukulu anaisiya yekha, anapita kukalima fodya ku Kasungu. Malo ake ku sekondale anangotsala opanda munthu. Bambo anali a komiti ya sukulu, anakambirana ndi ahedi. Masiku amenewo kunalibe zithunzi. Achimwene anangopita n'kumakayankha dzinalo."

"Ndiye ine zaka zonsezi ndimafunda bulangete limodzi ndi Filimoni?"

"Munthu ndi yemweyo, alamu."

"Nanga mwini dzina ali kuti?"

"Anafera konko kalekale. Tinangomva. Mtembo sunabwere, mwina anaikidwa ndi matenanti anzake. Amayi ake nawo anapita."

"Tsono kwa ine akufunanji?"

Jesina anayang'ana kuchitseko. "Pamanda paja abusa anatchula dzinalo katatu. Lasitoni Chalera, Lasitoni Chalera. Kachitatu wina anavomera kumbuyo kwanga. Nditacheuka panali mtengo basi. Ndinati mukalisiya msanga mwina sakupezani."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanayambira pati? Munali mutandiwerengera kale mabanja anga."

Esinati anatsamira chitseko. Ankaganiza za mtanda umene uli kumanda, wolembedwa dzina la munthu amene sali m'menemo. Ankaganiza za Tiyese ku Joni, ndi pasipoti yake. Ankaganiza za tsiku la ukwati, pamene abusa anati kuyambira lero ndinu Mayi Chalera, iye n'kumwetulira mpaka masaya kuwawa. Amuna ake sanamusiyire zambiri. Chimene ankati chatsala m'manja mwake chinali dzinalo, ndipo tsopano akumva kuti nalonso linali lobwereka.

"Akufunsa za kalata," anatero.

"Za kalata ine sindikudziwa."

"Alamu, ndiyang'aneni."

"Ndati sindikudziwa. Mukufuna ndilumbire?"

Kuwala kwa pazenera kunayamba kufiira. Kunja ana a eni amene ankasewera fulaye anaitanidwa mmodzimmodzi, mudzi unangoti zii msanga kuposa masiku onse. Kenako pabwalo panamveka kukhwekhwereza. Khwe, kenako phazi. Khwe, kenako phazi. Kunakwera pakhonde, kunaponda nandolo zija, n'kuima.

Fungo linalowera pansi pa chitseko.

"Odi."

Jesina anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Esinati anamva lilime lake likufuna kuyankha lokha, analiluma. Anagwada moyang'ana chitseko, anaomba m'manja mofatsa katatu monga achitira mkazi kwa mlendo wamkulu.

"Bambo, pepani. Ndinakuitanani mosadziwa. Ine si mkazi wanu. Amuna anga anali Filimoni, a kwa Sandikonda, ndipo anagona. Ine ndine Nangondo, mwana wa a Likongwe. Dzina lanu tengani, ndalisiya."

Ponena mawu amenewa analira kuposa mmene analirira pamaliro, poti kunali ngati akuwaika amuna ake kachiwiri, ulendo uno popanda nyimbo. Koma atamaliza anamva mapewa kupepuka, ngati wina wamuchotsa chitenje chonyowa chimene anafunda miyezi iwiri. Anapuma mpweya wopanda fodya.

Anadikira kuti amve mapazi akutsika pakhonde. Anatsikadi. Koma sanalowere kunjira. Anazungulira nyumba pang'onopang'ono, dzanja likukhula khoma, mpaka anafika pazenera, pamwamba penipeni pa mutu wa Jesina. Kuwala kotsalako kunatsekeka.

"Achemwali a Jesina," anatero mawu aja, ndipo tsopano anali ngati a mnyamata wa sukulu. "Ahedi akuti anapatsira inu. Kalata ija sinafikebe?"

Zimene zinatsatira Esinati anadzauza Mayi Dzimbiri patapita mwezi, akuwayesa diresi pansi pa chikwangwani chatsopano cholembedwa NANGONDO, ndipo Mayi Dzimbiri sanachedwe nazo. Jesina sanaulule kwa mlamu wake. Sanaulule kwa abusa, kapena kwa amuna ake atatu aja, ngakhale uja ankamukonda kwambiri. Zaka makumi anayi anazisunga. Anadzaulula atagwada pamphasa, chipumi chili pakhoma, akulankhula ndi amene anaima kunja kwa zenera.

"Inafika, Lasitoni. Inafika Lachisanu. Ahedi anandipatsa kuti ndikapereke kwa amayi ako poti ndinkapita kutsidya kukakumba dothi la mtsiro. Ndinaitsegula panjira. Ndinaiika m'kamisolo, ndinapita nayo kwa bambo."

Jesina anapitiriza.

"Sukulu sunaisiye wekha. Unabwera kwathu katatu kudzafunsa, katatu konse ndinakuuza kuti dzina lako palibe. Unakhoza, Lasitoni. Pasukulu ponse unasankhidwa iwe wekha."

Esinati anafuna kutseka makutu, koma funso linatuluka lokha. "Amuna anga ankadziwa?"

Jesina sanacheuke. Anayankha kukhoma komweko.

"Filimoni ankadziwa. Tsiku unkakwera lole ya ku Kasungu lija, bulangete unanyamula lija anakupatsa ndi iyeyo, n'kukuperekeza mpaka pamsewu. Kalata yako inali kale m'sutikesi mwake."

Kuwala kunabwerera pazenera. Kunja kunamveka munthu akukhala pansi pang'onopang'ono, n'kutsamira khoma la Jesina.